A Sibale ndi chule wopanda miyendo

Ukazitape? Ayi. Lemba choncho, Tadala, kuti ayi. A Sibale sanali kazitape. Koma usanapitirize, tandiwerengerenso funsolo. Afunsa okha bamboyo kapena alipo wawatuma? Zaka zonsezi munthu ali m'manda palibe anabwera kudzandifunsa, lero poti akufuna kumanga chiliza ndiye akumbuka kuti kumtunda kuno kuli nkhalamba. Chabwino, ndiyankha.

Bambo Lusekelo, mwati achibale ena akukana kubwera ku chiliza cha agogo anu, akuti sangaimbe nyimbo pamanda a munthu amene anagulitsa mnzake kuboma. Ine ndine Nambewe, mkazi wa malemu a Banda amene anali mlonda wa nkhalango ya Mughese. Kwathu ndi ku Dedza, kuno tinabwera ndi ntchito, basi n'kukalambira konkuno. Sukulu sindinapiteko, akulemba ndi mdzukulu wanga. Mwa anthu amene anaona zimene ndinene pano, wotsala ndi moyo ndine ndekha.

Maliro a agogo anu ndinalipo. Tinali ochepa moti nyimbo sinkamveka kuseri kwa nyumba. Amuna okumba manda anachita kuwapempha kawiri. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti munthu wokonda kukumba bwanji sanadzikumbiretu yekha. Ine ndinaseka nawo. Lemba zimenezonso, kuti ndinaseka.

Anali munthu wamfupi, wa khosi lowerama, chifukwa poyenda maso ankakhala pansi. Mukakumana panjira ankayamba aona mapazi ako kenako nkhope. Mawondo a buluku lawo ngakhale la kutchalitchi anali ofiira ndi dothi. Ankayenda ndi kakhasu ka mpini waufupi ngati ka mwana, thumba la chiguduli paphewa, m'thumbamo botolo ndi kope. Chichewa chawo chinali chopindika, chosakaniza ndi chakwawo ndi Chitumbuka, ndipo ine ankanditchula kuti amama a ku Dedza mpaka imfa yawo, ngati dzina langa linali lolemera kunyamula.

Mvula yoyamba ikagwa, anthu onse kuno amathamangira kukhofi ndi kunyemba. Iwo ankalowera kunkhalango. Ankatembenuza zipika zowola chimodzichimodzi, kusuzumira pansi pake, kenako n'kuchibwezera mmene chinagonera. Ankafukula pansi pa nthochi pamene masamba aunjikana, m'mbali mwa kasupe, paliponse pamene dothi ndi lakuda ndi lozizira. Asanakumbe ankatapa dothi, kulifinya m'manja, kulinunkhiza. Likamwazika ankapitirira. Likagwirana ankagwada. Khasu sankalimenyetsa pamwamba, ankayambira chapambali, kenako n'kumaphwanya zibuma ndi zala. Ankakonda kunena kuti wokumba mothamanga amapeza chinthu chimodzi chili ziwiri.

Anthu ankati chiyani? Nanga akanati chiyani? Ena ankati akufuna golide. Ena ankati ndi zizimba, munthu wamkulu sangasiye munda n'kumakasaka nyongolotsi. Ana ankawaitana kuti a Sibale a nyongolotsi, iwo n'kumayankha bwinobwino. Okha ankafotokoza kuti ali mnyamata, nthawi ya azungu, ananyamulira katundu mzungu wina wotola achule ndi njoka m'nkhalango muno, ndiye ndi amene anawaonetsa kanthu ka m'nthaka kamene ankasakako. Pambuyo pake kunapezeka munthu wina wophunzira wa kummwera amene ankawatumizira makalata ndi mabotolo, iwo n'kumatumiza zimene apeza. Munthu ameneyo palibe anamuonapo ndi maso. Ine mpaka lero ndimakayika kuti ankapita nazo kuti zinthuzo, koma zimenezo n'zanga.

Mankhwala osungira a m'mabotolo aja atatha, agogo anu anapita kwa mayi wina wotcheza kachasu kukagula wa mutu weniweni. Mkulu wa mpingo, masana dzuwa likuswa mtengo, botolo la kachasu m'manja. Anawaitanitsa kubwalo la mpingo. Iwo anabwera ndi botololo, kanthu kaja kali m'kati, n'kuliika patebulo pamaso pa abusa. Anati amene akumwa ndi uyu, muyambe mwamudula iyeyu. Abusa sanaseke. Anawaimitsa Mgonero miyezi ingapo. Kunyumba nakonso inali nkhondo, chifukwa agogo anu aakazi, aNakayange, ankafuna kutentha zinyalala za kunthochi kuti pakhale poyera, iwo n'kumakana kuti mukuwotcha denga la eni ake.

Ine ndinakangana nawo chifukwa cha khasu langa. Nyumba ya mlonda inali payokha m'mphepete mwa nkhalango, ndipo kuseri kwake kunali nthochi pamene ndinkatayira madzi otsukira mbale. Tsiku lina ndikupalira pamenepo ndinafukula chinthu chotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja, kunenepa ngati chala, pamsana chakuda chonyezimira, kumimba chofiirira ngati chilonda chopola. Ndinachidula pakati osafunsa. A Banda anakaitana a Sibale. Atafika anagwada n'kulumikiza zidutswa zija ngati zingagwirane.

"Amama a ku Dedza, mwapha m'bale wa chule."

"Chule wa kwanu kuno alibe miyendo? Njoka iyi, adada."

"Njoka? Taikhudzani."

"Ndikhudze ine? Mwandiona ngati ndatopa ndi moyo?"

Anandigwira dzanja n'kundikhudzitsa. Chinali chonyowa, choterera ngati therere. Anati njoka khungu lake ndi louma, lili ndi mamba, ndipo imatulutsa lilime. Ichi khungu n'la chule, lili ndi mizere yozungulira ngati mphete. Ndinati ndiye ndi nyongolotsi yokhuta. Anatenga kaudzu n'kuchitsegula kukamwa. Mano, Tadala, timano tating'ono tondandalika. Anati nyongolotsi ya mano munaionapo? Anandipanitsa chala pamsana pake, ndinamva fupa. Kenako anandionetsa tinyanga tiwiri tofewa pafupi ndi mphuno, akuti ndi timene chimafufuzira njira mumdima wa m'nthaka, poti maso ake ndi ongoyerekeza. Dzina la Chichewa analibe. Ankangoti chule wopanda miyendo.

Atatero anatulutsa kope lija kuti alembe malowo. Ndi pamene ndinaliona m'kati. Kuwerenga sinditha, koma chithunzi ndimachidziwa. Munali mizere ya njira, mizere ya timitsinje, mtsinje wa Songwe uli pamwamba, kutsidya kwake Tanzania, ndiye timitanda timitanda paliponse, pambali pake manambala. Ndinati ayi, nyumba yanga musaiike m'buku lanulo. Anandiyang'ana, n'kutseka kope.

Inu a masiku ano simungamvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, khadi lake unkayenda nalo ngakhale popita kumsika. Makalata ankafika atatsegulidwa kale. Kunkamveka kuti anthu othawa boma ali kutsidya kwa Songwe, ndipo ife tinali pakhomo penipeni pa malire. Munthu ukadzuka unkayamba waganiza kuti dzulo ndinayankhula chiyani, ndipo analipo ndani.

Apa lemba pang'onopang'ono. Sabata yomweyo ndinapita kuchigayo. Pamzere tinkacheza za a Sibale monga mwa masiku onse, wina golide, wina zizimba. Ine pofuna kuposa anzanga ndinati inu simukudziwa kanthu, ine ndaona buku lake, ajambulamo njira zonse mpaka ku Tanzania, ndi timitanda posonyeza pamene anakumba. Anthu anaseka. Mmodzi sanaseke, mkazi wa tcheyamani wa chipani, amene anali kumbuyo kwanga ndi dengu la mawere. Sindinapite kwa munthu aliyense kukanena. Sindinatumidwe. Koma pakamwa panali panga.

Panapita miyezi, mvula inatha, kunauma. Mu Okutobala kunabwera galimoto ndi amuna awiri a majekete. Kuti anali a ofesi iti sitinafunse, nthawi imeneyo sunkafunsa. Anatenga a Sibale, kope, makalata ndi mabotolo onse, ulendo ku Boma. ANakayange anakhala pakhonde osalira, poopa kuti kulira nakonso ndi mlandu. Tonse tinkadziwa kuti wotengedwa chonchi akapitirira kummwera, basi, mumangosunga malaya ake.

Patatha masiku asanu ndi anayi galimoto ija inaima pakhomo pathu, chifukwa kulowa m'nkhalango kunkafunika mlonda. Anatsika bwana mmodzi wa jekete, tcheyamani, anyamata atatu a chipani ndi makasu, ndi a Sibale. Anali ataonda, mlomo wotupa, opanda nsapato. Bwanayo anali wa kwathu kuchigawo chapakati, ndinamva Chichewa chake. Anauza a Banda kuti mdala uyu akuti timitanda iti ndi nyongolotsi. Tikukakumba. Tikapeza chimene chili m'botolomu chamoyo, abwerera kwa mkazi wake. Tikapanda kupeza, ndiye kuti anakwirirapo zina zimene anzake a kutsidya anafukula kale, ndipo akafotokoza bwino kutsogolo. Ine anandiuza kuti ndinyamule madzi akumwa ndiwatsatire.

A Sibale anati, "Bwana, nyengo ino n'njouma. Zatsikira pansi. Mukanadikira mvula."

"Mvula ukaidikirira kwina, mdala. Tiye."

Pa kamtanda koyamba anyamata anakumba mpaka m'chiuno, fumbi lokhalokha. Pachiwiri chimodzimodzi. Ankamenya khasu ngati akugwetsa chulu, a Sibale n'kumawapempha kuti pang'onopang'ono, adada, chapambali. Pachitatu anapeza nyongolotsi imodzi yowonda. Tcheyamani anainyamula ndi kamtengo n'kunena kuti mfuti zija zasanduka izi? Anyamata anaseka. Dzuwa linali litapendeka, bwana uja thukuta lili kamukamu, jekete atapachika paphewa.

Pachinayi, pansi pa mwala, mnyamata wina anafukula kanthu kakuda konyezimira, kotalika bwino, kosaoneka kumutu ndi kumchira. Kankadzipinda padothi. Bwana anatulutsa botolo, kuyang'ana m'botolo, kuyang'ana pansi. Ndinaona nkhope yake ikumasuka. Munthuyo anali atatopa, ankafuna kubwerera ku Boma kusanade.

"Si chimenechi, mdala? Chafanana. Tatha."

A Sibale anagwada, kukatola, kukayendetsa pachikhatho.

"Ayi, bwana. Iyi ndi njoka."

A Banda anawaponda phazi. Ndinamva akunong'ona kuti vomerani, adada, vomerani muzipita kwanu. Ngakhale mnyamata wofukulayo anati agogo, n'chomwecho ichi, taonani bwino.

"N'kanjoka ka m'nthaka, aka kamene mumati ka mitu iwiri. Taonani mamba, bwana. Kouma. Ako kalilime. Chathu chija sichitulutsa lilime."

Bwana anati, "Ukudziwa kuti ukudzimangirira wekha?"

"Ndikudziwa. Koma mukapita nako kwa odziwa, akakuuzani kuti ndinakunamizani. Ndiye mudzati zonse zinali bodza. Komanso si chimenechi basi."

Mawu omalizawo ndi amene ndimawakumbukira. Komanso si chimenechi basi. Munthu chingwe chili m'khosi, akukangana za mamba. Ine pamenepo ndinaganiza kuti kapena kumene anali kuja anamumenya mpaka mutu kusokonekera. Tcheyamani anati mwaona, bwana, akutitayitsa nthawi dala kuti kude, anzake abwere.

Ndiye a Sibale anati alipo malo amodzi amene sali m'kopemo. Bwana anafunsa kuti bwanji sali m'kope. Anati mwini malo anakana. Sananditchule, sanandiyang'ane. Koma ine ndinadziwa kuti akunena kwathu.

Tinabwerera kunyumba kwathu, kuseri, panthochi paja. M'dera lonse ndi pokhapo pamene dothi linkamwa madzi tsiku ndi tsiku, chilimwe chonse. A Sibale anakana makasu a anyamata. Anapempha chikombe changa chachitsulo chotungira madzi, poti kakhasu kawo kanatsala ku Boma. Anachotsa masamba owola, kutapa dothi, kufinya, kununkhiza. Anayambira chapambali pa tsinde la nthochi, kukumba ndi chikombe ndi zala, chibuma chilichonse kuchiphwanya. Dzenje linafika pachigongono, kenako paphewa, iwo atagona chamimba, tsaya lili padothi. Bwana anayang'ana wotchi kawiri. Kachitatu anati basi, mdala, dzuka.

Sanadzuke. Dzanja linali m'kati, nkhope ili duu ngati munthu womvetsera kulira kwa mwana patali. Kenako anatulutsa mkono pang'onopang'ono, chinthu chija chitadzikulunga pazala, chakuda pamsana, chofiirira kumimba, chamoyo.

Anachita zomwe zija anachita kwa ine. Anamugwira dzanja bwana wa jekete, munthu amene tonse tinkaopa kumuyang'ana kumaso, n'kumukhudzitsa. Kaudzu kukamwa, mano. Chala pamsana, fupa. Tinyanga tija. Bwanayo anachiika pambali pa botolo, kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anapukuta dzanja pabuluku.

"Zoona ndi chule ameneyu?"

"M'bale wake, bwana."

"Dziko lino lili ndi anthu." Anatembenukira kwa tcheyamani. "Mafuta a galimoto ya boma mwatiwotchetsera chule?"

Tcheyamani anangoti yewo, bwana, yewo, maso ali pansi. Bwanayo asanakwere galimoto anatisonkhanitsa tonse. Anati zimene mwaona pano simunazione, boma silikumba achule, ndikadzamva nkhaniyi pamsika ndidzadziwa kuti yachokera mwa anthu asanu ndi awiri inu. Kope, makalata ndi mabotolo anapita nazo. A Sibale anabwezera kanthu kaja m'dzenje, kukwirira ndi dothi lofewa, masamba pamwamba. Anatsuka chikombe changa n'kundipatsa ndi manja awiri. Apo ndiye anandiyang'ana.

Nayi nkhani imene achibale anu akugwira. Munthu anatengedwa, patatha masiku asanu ndi anayi wabwera yekha wamoyo, ndipo sakunena kuti watuluka bwanji. Pasanathe mwezi anadzatenga mphunzitsi wina wa pasukulu ya kumunsi, a Msukwa, amene sanabwererenso. Anthu anangolumikiza. Anati a Sibale anagula moyo wawo ndi dzina la aphunzitsi. Amene anapereka a Msukwa sindikumudziwa. Ndili naye amene ndimamuganizira, amene anakhala pampando wawo pambuyo pake, koma usalembe dzina, Tadala, ana ake alipo. Chimene ndikudziwa n'chakuti agogo anu anatuluka ndi chikombe changa, ine ndikuona.

Tcheyamani sakananena, inali nkhani yomuchititsa manyazi. Anyamata aja ankaopa. A Banda anali pantchito ya boma. A Sibale akanena, anthu akanati nanga wakuba amavomera? Ine ndiye ndikanatha kunong'oneza amayi anzanga, ndi pakamwa pomwe paja. Koma ndikanati ndiyambe, akanafunsa kuti nanga za kopelo boma linamva kwa ndani. Ndiye ndinakhala chete. Ine wolongolola chonchi, pa nkhani imodzi yokhayi ndinatseka pakamwa zaka zonsezi, ngakhale zipani zitachuluka mantha atatha.

Anthu anasiya kuwapatsa moni. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Makalata a kummwera aja sanabwerenso, munthu wophunzirayo sanafunse n'komwe kuti mdala wanga ali bwanji. Koma mvula yoyamba ikagwa ankapitabe kunkhalango, opanda kope, opanda botolo. Ankangofukula, kuona, kubwezera.

Kodi ankadziwa kuti ndine? Kunja kwa banja lawo kope lija tinaliona ndi ine ndi a Banda basi. Ndipo pa malo onse, anasankha kuseri kwa nyumba yanga. Mwina n'chifukwa cha madzi okha. Mwina ankafuna ndione. Ndaganiza mbali zonse ziwiri mpaka imvi. Tsiku lina chaka chawo chomaliza tinakumana pakanjira ka kukasupe, iwo akuyenda ndi ndodo.

"Amama a ku Dedza, madzi mukutayabe pamalo paja?"

"Eya, adada."

"Musasiye."

Basi, anapitirira. Kaya kunali kundikhululukira, kaya kundikumbutsa, kaya ankangodandaula za achule awo. Ndi munthu ameneyo sunkadziwa.

Chaka chatha Tadala anandiperekeza kukaona nyumba ija. Alonda a masiku ano anawamangira kwina. Denga linagwa, m'chipinda chathu mwamera mtengo. Nthochi zinatha zonse, palibe wothira madzi, dothi lauma gwa ngati njerwa, lofiira. Ndinatapa pang'ono n'kufinya, linangomwazika. Koma pamene anakumba paja pakadali polowa, kadzenje kosaya ngati mbale. Njira ya kunkhalango imene ankadutsa yatsekeka ndi minga, ndipo zipika m'mbali mwake zagona mmene zinagwera, ndere zamera pamwamba, palibe wozitembenuza.

Kalatayi mukaiwerenge pachiliza, bambo Lusekelo, pamaso pa achibale onse, ndi a kwa Msukwa ngati abwera. Dzina langa musalibise, muwauze kuti wa kuchigayo uja ndi Nambewe. Wofuna kudzanditukwana abwere, nyumba yanga ndi yachitatu kuchokera pamjigo.

Wamaliza, Tadala? Usandiwerengere, ndingayambe kuchotsamo zina. Tumiza pompano, ndikuona.